Mafunso ndi mayankho: mukachoka mu Joni kupita ku Pretoria tsiku limodzi, mulowe myuziyamu iti?

Ikangofika Okutobala mpaka Disembala foni yanga siipuma. Wina walandira amayi ake kuchokera ku Ntcheu, wina ana atsekera sukulu akungosokosa m'nyumba, pena ndi amayi a kutchalitchi asonkha tindalama akufuna kokawongola miyendo, onse funso lawo ndi limodzi: ku Pretoria kuja tikaone chani? Ine si gaidi ayi, ntchito yanga ndi ina, kungoti ndakhalitsa mu Joni muno ndipo ndili ndi matenda okonda kulowa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, nde anthu anangondisandutsa ofesi ya mafunso. Ndasonkhanitsa apa amene amabwera kawirikawiri kuti pakamwa pangapa papumeko.

Kodi likulu la dziko lino si Joni?

Ayi, ngakhale ndalama zili kuno. Ife tinazolowera kuti likulu ndi limodzi, Lilongwe basi kuyambira 1975, koma anzathuwa ali ndi atatu. Pulezidenti ndi maunduna ali ku Pretoria, nyumba ya malamulo ili ku Cape Town, Bloemfontein ndi ya makhoti, ngakhale khoti lalikulu kwambiri lija lili konkuno pa Constitution Hill ku Braamfontein. Nde ife a mu Joni tikati tikupita ku kapitolo tikunena Pretoria, makilomita osapitirira 60 kumpoto mukatsata N1. Mukamva wina akuti Tshwane musabalalike, limenelo ndi dzina la khonsolo yonse, tauniyo anthu akuitchulabe Pretoria, kapena Pitori mmene amanenera eni ake.

Ndili ndi tsiku limodzi lokha, ndingaone mamyuziyamu angati?

Awiri. Mukawonjezerapo chachitatu chikhale cha panja chongojambulitsa, osati cholowa mkati.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Apongozi anga aamuna atabwera koyamba ndinkafuna kudzionetsa kuti mkamwiniyu tauni amaidziwa, ndinalemba malo asanu pa pepala, nthawi yake pambali ngati pulogalamu ya ukwati. Malo oyamba anasangalala, amafunsa mafunso, mpaka kukopera maina mu kabuku kawo. Achiwiri anayamba kuyenda kumbuyo. Tili pa achitatu ndinangoona anthu akhala pa benchi moyang'anizana ndi galasi la mbalame zoumitsa, avula nsapato imodzi, chipewa chili kumaso. Nditawagwedeza anangoti, "Akamwini, kodi tikuthawa ndani?" Titafika kunyumba mwana wawo kuwafunsa kuti mwaonako chani ku Pretoria, anati mbalame zakufa. Tsiku lonse, petulo yense uja, mbalame zakufa. Mpaka lero nkhani imeneyi siinathe m'nyumba mwanga.

Myuziyamu imatopetsa mosiyana ndi ntchito, umayenda pang'onopang'ono, kuima, kuwerenga, kuimanso, miyendo ndi mutu zimathera limodzi. Pakatha maola awiri munthu sakuonanso kanthu akungodutsa.

Nanga awiriwo ndisankhe bwanji?

Musayambe ndi kufunsa kuti yotchuka ndi iti, yambani ndi kuyang'ana amene mwatenga. Ngati ndi ana, pitani kuli mafupa ndi zinyama. Ngati ndi akuluakulu okonda nkhani za ndale ndi mbiri, aja amamvera nyuzi katatu pa tsiku, apititseni pa mapiri awiri a Freedom Park ndi Voortrekker Monument. Ngati ndi mlendo amene chimene akufuna ndi chithunzi choti akaonetse kumudzi kuti anafikadi, Union Buildings imukwanira, mumugulire chakudya chabwino basi wakhuta. Chachiwiri yang'anani Chingerezi. Mamyuziyamu ambiri ndi owerenga, zikwangwani zolembedwa ting'onoting'ono khoma lonse, nde ngati agogo sawerenga Chingerezi dziwani kuti inu ndi amene mukhale womasulira tsiku lonse, sankhani malo amene zinthu zake zimaoneka zokha ndi maso. Chachitatu, mawondo. Malo ena ndi mapiri enieni.

Freedom Park ndi Voortrekker Monument, ndipite kuti pa ziwirizi?

Konse, tsiku lomwelo, ndipo ngati mulibe ana aang'ono awiri anu aja ndi amenewa, musasakenso ena. Zili pa mapiri awiri oyang'anizana kummwera kwa tauni, ukaima pa lina umaliona linzake, ndipo mu 2011 anatsegula kamsewu kolumikiza komwe anakatcha Reconciliation Road. Chimene ndimakondera ndi choti ndi dziko limodzi koma nkhani ziwiri, ngati mlandu wa munda kwa amfumu, uyu akamba zake uyu akamba zake, iwe wakhala pakati.

Yambani ndi Voortrekker mmawa miyendo ikadali ndi mphamvu chifukwa masitepe ndi ambiri. Ndi chimwala cha nyumba, mamita 40 kutalika, anachitsegulira pa 16 Disembala 1949, patangotha chaka chipani cha tsankho chitalowa m'boma mu 1948. Chikukumbutsa Mabunu amene anachoka ku Cape pa ngolo za ng'ombe kuthawa ulamuliro wa Angerezi. Kuzungulira panja pali mpanda wosemedwa ngati ngolo 64, mmene anazimangira pa nkhondo ya pa mtsinje wa Ncome, umene iwo amati Blood River, pa 16 Disembala 1838, pamene analimbana ndi asilikali a Dingane, mfumu ya Azulu. Amene anatsogolera Mabunuwo ndi Andries Pretorius, ndipo dzina loti Pretoria likuchokera kwa iyeyo, mwana wake ndi amene anayambitsa tauniyi mu 1855. Mkati makoma onse ndi zithunzi zosema pa mwala woyera, zigawo 27, ulendo wonse kuyambira kunyamuka mpaka kufika. Apa nde agogo safuna womasulira, zonse zikuoneka, ngolo, mikondo, mfuti, amayi akulira. Pansi pakati pali mwala ngati manda, ndipo kudenga anasiya kabowo koti pa 16 Disembala nthawi ya 12 masana dzuwa limalowa n'kugwera ndendende pa mawu olembedwa pa mwalawo. Amisiri analipo abale.

Amalume anga ndi Mngoni, ndinapita nawo. Anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha nkhondo, manja kumbuyo, kenako n'kuloza chishango n'kunena kuti ichi ndi chathu ichi. Sanalakwe kwenikweni. Chaka cha 1835 chimene ngolo zoyamba zinanyamuka ku Cape ndi chomwecho Zwangendaba anawoloka Zambezi ndi anthu ake kulowera kwathu, ndipo Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, amene anthu ake akuoneka akumenyana ndi Mabunu pa khoma limenelo, anakhalapo dera lomweli la Pretoria asanapite ku Zimbabwe. Ndi nthawi imodzi, chipwirikiti chimodzi, kungoti ife timaimva nkhaniyi kuchokera kumapeto kwina.

Masana tsikirani ku Freedom Park pa phiri la Salvokop. Kumeneku ndi kwa boma latsopano, anatsegula mu 2007. Kuli khoma la maina lotalika pafupifupi mamita 700, maina a anthu amene anafa pa nkhondo ndi mazunzo osiyanasiyana, kuyambira ukapolo, nkhondo ziwiri za dziko lonse, mpaka kumenyera ufulu, ndipo mupezapo ngakhale maina a asilikali a ku Cuba amene anafera ku Angola. Asilikali a boma la tsankho amene anamenya nkhondo yomweyo sanawalembepo, nde anzawo anakamanga khoma lawolawo ku phiri linalo. Mwaona zimene ndimanena za mlandu wa munda?

Malo amene amandigwira mtima ndi Isivivane, bwalo la miyala ikuluikulu yochokera m'zigawo zonse 9 za dziko lino. Pamenepa umavula nsapato, sulankhula mokweza, potuluka umasamba m'manja. Amayi ena a kwathu amene ndinapita nawo sanafunse n'komwe chifukwa chake, anangoti ee ngati pochokera kumanda paja, n'kumanga chitenje bwinobwino. Kumunsi kuli myuziyamu yake yotchedwa //hapo, nyumba yokutidwa ndi kopa yooneka ngati miyala, imayambira pa kulengedwa kwa dziko mpaka 1994 ndi kupitirira. Ndi yabwino koma yowerenga kwambiri, mukafika mutatopa sankhani zipinda ziwiri zokha.

Koma zoona munthu wakuda n'kukalipira ndalama zake ku chipilala cha Mabunu?

Funso ili amandifunsa ndi ukali, makamaka achinyamata, ndipo sindiwatsutsa. Zithunzi zija sizikutikomera, anthu akuda akuoneka ngati vuto limene linali panjira, ndipo ngati tsiku limenelo bwana wakulankhulani zachipongwe kuntchito mwina si tsiku lake lopitako. Koma ine maganizo anga ndi oti ambiri a ife timagwira ntchito m'nyumba, m'magalaja ndi m'minda ya zidzukulu za anthu amenewa, nde kudziwa nkhani imene anakula akuuzidwa kumathandiza kumvetsa zinthu zina zimene amachita. Kukaona si kuvomereza. Mukafuna osapita, osapita, palibe akulembeni. Chimene ndimakana ndi kupita ku Voortrekker kokha osakafika ku Freedom Park, kumeneko nde kumva mbali imodzi n'kugamula.

Ndili ndi ana, kulibe kumene sangandivutitse?

Ditsong National Museum of Natural History, imene akuluakulu amaidziwa kuti Transvaal Museum, pa Paul Kruger Street moyang'anizana ndi City Hall. Inayamba mu 1892. Ubwino wake woyamba uli pafupi ndi siteshoni ya sitima, mphindi khumi wapansi mwafika. Wachiwiri, ana amayamba kukuwa musanagule n'komwe tikiti chifukwa panja pomwepo pali mafupa a namgumi ndi a zinyama zakalekale zija za dinosaur. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 6, anaima pansi pa namgumiyo n'kufunsa ngati ndi yomwe inameza Yona, ine ndinati funsa abusa Lamulungu.

Mkati muli zinyama zoumitsa, njoka, tizilombo, miyala ya mitundumitundu, ndi holo yonse ya mbalame yotchedwa Austin Roberts, momwe muja anagona apongozi anga. Ndinene chilungamo, nyumbayi ndi yakale ndipo zimaoneka, musayembekezere zamakompyuta zowalawala. Koma mwana alibe nazo, iye akufuna aone mkango pafupi. Mumasewere nawo masewera otchula maina a Chichewa, uyu ndi fisi, uyu ndi nungu, uyu ndi nkhwazi, mudzadabwa kuti ana obadwira kuno ambiri sadziwa ngakhale kuti njiri ndi chani. Amene anafikako ku Karonga kukaona Malawisaurus aone ngati zikufanana.

Akatopa musawakakamize yachiwiri, apititseni ku zoo pa Boom Street akaone zamoyo. Ngati ndi anyamata okonda ndege, ku Swartkop kufupi ndi Centurion kuli myuziyamu ya asilikali a m'mlengalenga, ndege zenizeni zili pabwalo.

Akuti kumeneko amaphunzitsa kuti anthu tinachokera kwa anyani, nanga ife opemphera?

Kkkk funso ili linachokera kwa mkulu wa mpingo. Inde, myuziyamu imeneyi ndi imene imasunga chigaza chotchuka chotchedwa Mrs Ples, chimene Robert Broom ndi John Robinson anachipeza ku mapanga a Sterkfontein mu 1947, cha zaka zopitirira 2 miliyoni malinga ndi asayansi. Chenichenicho amachitsekera kosungira, chimene anthu wamba timaona nthawi zambiri ndi chofanizira. Palibe amene akuimitseni pakhomo kuti musaine kuti mwavomereza. Ana anu akaphunzira zomwezi kusukulu ndipo zibwera pa mayeso, bola akazione muli pambali pawo mukambirane pobwerera mu sitima.

Union Buildings ndi myuziyamu?

Ayi, ndi maofesi a pulezidenti, mkati simulowa. Koma ndi chachitatu chija ndimanena, cha panja, chaulere. Nyumbayi anaijambula Herbert Baker, inatha mu 1913, ndi yotalika mamita 285 kuchoka uku kufika uko. Pamenepa ndi pamene amayi pafupifupi 20,000 anaguba pa 9 Ogasiti 1956 kukana mapasi, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams, n'chifukwa chake 9 Ogasiti timapuma. Pamenepanso Mandela analumbira pa 10 Meyi 1994. M'munsi mwake muli chiboliboli chake cha mamita 9 atatambasula manja, anachivundukula pa 16 Disembala 2013 atangoikidwa dzulo lake. Kankhani kake: amisiri amene anachiumba anabisa kalulu kakang'ono m'khutu mwake ngati siginecha yawo, boma litazindikira linalamula kuti kachotsedwe. Kalulu ndi kalulu basi, ngakhale kuno amalowa posayenera.

Pitani madzulo dzuwa litapepa, tauni yonse imaoneka pansi, ndipo ikakhala Okutobala mitengo ya jakaranda imakhala itachita maluwa, misewu yonse yapepo. Ojambula zithunzi olipiritsa alipo, mvanani mtengo asanadine.

Nanga za pakati pa tauni, Church Square ndi nyumba ya Kruger?

Church Square ndi podutsa, mphindi 20 zakwana. Pakati pali chiboliboli cha Paul Kruger, pulezidenti wakale wa Mabunu, chimene anthu amakanganirana chaka ndi chaka kuti chichoke kapena chikhale, nkhunda zokha ndi zomwe zilibe mbali. Chofunika kuona ndi Palace of Justice, khoti limene munazengedwa mlandu wa Rivonia, mmene Mandela, Walter Sisulu, Govan Mbeki ndi anzawo anagamulidwa kukhala kundende moyo wonse pa 12 Juni 1964. Mumangoiona panja, ndi khoti logwira ntchito.

Kruger Museum ili chakumadzulo pang'ono pa WF Nkomo Street. Ndi nyumba imene ankakhala pulezidenti wa Mabunu ameneyu, yomangidwa mu 1884, ndipo chodabwitsa ndi kuchepa kwake, pulezidenti kumakhala m'mbali mwa msewu n'kumalandira anthu pakhonde ngati nyakwawa. Pakhondepo pali mikango iwiri ya mwala imene anapatsidwa ndi Barney Barnato, mponda matiki wa migodi, kuseli kuli bogi ya sitima imene ankayendera. Nkhani imati simenti yake anakandira mkaka m'malo mwa madzi. Ola limodzi latha. Ndi yabwino kwa munthu amene wafika kale ku mapiri awiri aja, koma ulendo woyamba ine sindingaiike patsogolo.

Chenjezo la maina a misewu: ambiri anasinthidwa mu 2012. Church Street yakale inaduka zidutswa, kwina ndi Stanza Bopape, kwina Helen Joseph, kwina WF Nkomo. Mukafunsa njira kwa munthu wachikulire akuuzani dzina lakale, foni ikuuzani latsopano, nonse mukunena msewu umodzi.

Ndinamva za chipembere cha golide, chili kuti?

Chimasungidwa ndi University of Pretoria ku Hatfield, kumene sitima ya Gautrain imathera. Musayembekezere chinthu chachikulu, chikhoza kukhala pa chikhatho, ndi timapepala ta golide timene anakhomera pa mtengo wosema. Chinapezeka m'manda a mfumu pa phiri la Mapungubwe m'zaka za m'ma 1930, pamene mitsinje ya Limpopo ndi Shashe imakumana, dera lomwe lija timadutsa pa basi tikamayandikira Beitbridge tili ndi tulo ndi nkhawa za pa boda. Ufumu umenewu unalipo m'zaka za m'ma 1200, anthu akuda akusula golide, akugulitsana mikanda ndi amalonda a kunyanja ya mchere, mzungu asanaponde kuno. Boma la tsankho silinkafuna kuti nkhani imeneyi imveke kwambiri chifukwa imaphwanya bodza loti dziko analipeza lopanda eni. Ngati muli ndi mwana wa sekondale, kachinthu kameneka n'kofunika kuposa zipilala zonse zija. Imbani kaye kapena onani pa intaneti kuti akuchionetsera nyumba iti ndi masiku ati, za payunivesite zimayendera kalendala yawo.

Okonda zojambula, Pretoria Art Museum ili ku Arcadia, muli ntchito za Gerard Sekoto, Irma Stern ndi Pierneef. Ndi yaing'ono, yabata, Lolemba imakhala yotseka.

Akuti kuli malo amene ankanyongerako anthu, amalola kuona?

Alipo, mkati mwa ndende ya Kgosi Mampuru II, imene kale inali Pretoria Central. Anawasandutsa malo a chikumbutso mu 2011. Munthu ankakwera masitepe 52 kupita ku chingwe, ndipo ankatha kunyonga anthu 7 nthawi imodzi. Solomon Mahlangu ananyongedwa kumeneko pa 6 Epulo 1979 ali ndi zaka 22. Kunyonga kunaima mu 1989, khoti n'kudzathetseratu chilangochi mu 1995. Koma iyi ndi ndende yogwira ntchito, sikuti mungotulukira pageti ndi ana ndi mabisiketi, pamafunika kupempha pasadakhale komanso chiphaso. Ndipo si malo a tsiku lachisangalalo, mukatuluka kumeneko nsima siilowa.

Kodi kuli myuziyamu imene ikukamba za ife Amalawi?

Apa nde pamandiwawa pang'ono. Agogo athu anakumba golide wa dziko lino kudzera ku Wenela ndi Theba, ena sanabwerere, anasanduka matchona, ena anabwera ndi chifuwa. Mu Epulo 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha anthu athu 74 akuchokera ku migodi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu athu ntchito ya ku migodi ya kuno. Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi ku Boksburg, ndipo mu 1971 anabwera kuno ngati mlendo wa boma la tsankho pamene atsogoleri ena a mu Africa ankalisala, Lilongwe yathu ija ndalama zoyambira kumanga zinali ngongole yochokera ku Pretoria konkuno. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndi amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, limene linagwedeza dziko lino. Nkhani zonsezi zilipo, koma mukalowa m'mamyuziyamu a ku likulu muzichita kuzisaka ndi tochi.

Kumene mungamve fungo la moyo wa agogo athu si ku Pretoria, ndi konkuno ku Newtown, Workers' Museum. Inali komponi ya anthu ogwira ntchito za khonsolo, yomangidwa mu 1913. Mukaona mashelefu a simenti amene amuna akuluakulu ankagonapo mondandana ngati matumba a chimanga, zimbudzi zopanda zitseko, ndi kachipinda kotsekeramo wolakwa. Amalume anga aja, amene bambo awo anapita ku Wenela kawiri, anagwira simentiyo ndi dzanja osalankhula kanthu, potuluka anangoti, "Nde sutikesi ija ndi wailesi ija anazigula chonchi." Ngati mlendo wanu ali ndi masiku awiri, limodzi mupatseni Joni: Workers' Museum, kenako Apartheid Museum ku Ormonde kapena Hector Pieterson ku Orlando West. Kunena zoona pa nkhani ya tsankho Joni imaposa likulu.

Tiyende bwanji, sitima, takisi kapena galimoto?

Gautrain kuchokera pa Park Station kudzera Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion mpaka Pretoria, mphindi zosakwana 40, yaukhondo, ndipo kwa mlendo wochokera kumudzi sitimayo payokha ndi myuziyamu, amayi anga ankangogwira mpando ikamalowa pansi pa nthaka. Koma ndi yodula mukakhala ambiri chifukwa aliyense amafunika kadi yake, ndipo mkati saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu, zitumbuwa zanu zikhale m'chikwama. Mabasi ake Loweruka ndi Lamulungu musawadalire. Matakisi ndi otchipa, amakutsitsani cha ku Bosman, kungoti mudikire idzaze. Mukakhala anthu anayi kapena asanu galimoto ndi imene imapindula, makamaka pa mapiri awiri aja chifukwa kuchoka pa geti kufika pamwamba ndi mtunda, ndipo ma e-toll, zolipiritsa za pamsewu zija, anazimitsa mu 2024. Mkati mwa sabata N1 mmawa ndi madzulo imadzaza koopsa, nyamukani 9 itadutsa, mubwerere 3 isanakwane kapena mudikire mdima.

Freedom Park imaoneka pafupi mukaima pa siteshoni, musanyengeke kuti muyende wapansi ndi alendo ndi mafoni m'manja, itanani galimoto ya pa foni. Pakati pa tauni chitani mmene mumachitira pa Bree kapena Noord, chikwama kutsogolo, foni m'thumba.

Amafunsa mapepala pakhomo? Nanga mitengo?

Mamyuziyamu wamba amafuna tikiti basi. Koma malo ena ali ndi mitengo iwiri, wa eni dziko ndi wa alendo akunja, nde pamenepo akhoza kufunsa chiphaso kuti adziwe akulipiritseni uti. Funsani ngati pali mtengo wa anthu a SADC, kufunsa sikulipiritsa, komanso wa ana, wa ophunzira ndi wa okalamba. Kundende ndi kwa asilikali chiphaso n'chofunika ndithu. Ndipo pasipoti kapena pemiti yanu muziyenda nayo kulikonse, izi sindikuuzani zachilendo. Mitengo sindilemba apa dala, imasintha chaka ndi chaka, ndingakunamizeni mukakangane ndi wa pawindo. Tengani kadi ya kubanki ndi tindalama tapamanja pang'ono. Mukakhala gulu la kutchalitchi imbani foni sabata imodzi isanafike, pena amatsitsa mtengo n'kukupatsani wokuyendetsani.

Ambiri amaphatikiza ulendowu ndi kukakonza za mapepala ku ofesi ya kazembe. Ngati ndi choncho konzani myuziyamu imodzi yokha yapafupi, mzere sudziwika kuti utha nthawi yanji.

Tsiku labwino ndi liti?

Lachiwiri mpaka Lachinayi ngati mungapeze ofu, ngakhale mmawa mumakumana ndi mabasi a ana asukulu. Lolemba ena amatseka. Ndipo musakhulupirire nthawi zolembedwa pa intaneti zokha, ine ndinapitapo pa myuziyamu ina yaing'ono ndi alendo atatu, foni ikuti yotsegula, kufika pali loko ndi mlonda akuwotha dzuwa, akuti akukonza denga mwezi wachitatu tsopano. Imbani.

Pa 16 Disembala ku Voortrekker kumadzaza anthu odzaona dzuwa lija ndipo kwa ambiri a iwo ndi tsiku la mapemphero, ngati mukufuna kuyenda momasuka sankhani tsiku lina. Kumbukiraninso kuti Pretoria imatentha kuposa Joni chifukwa ili kunsi, nde nthawi ya dzinja yambani ndi zapanja mmawa, zamkati masana, mvula ya mabingu ija imakonda kugwa cha m'ma 3 kapena 4.

Tidye kuti, kapena titenge zathu?

Tengani zanu. Malesitilanti a pa malo oterewa alipo koma mtengo wake mukawerengera anthu asanu mupeza wapitirira matikiti onse. Mkati mwa myuziyamu salola kudya, nde kamba asiyeni m'galimoto kapena m'chikwama, mukadyere pa kapinga wa Union Buildings kapena ku Burgers Park. Ife timaphika mpunga ndi nkhuku usiku wake, mazira owiritsa, botolo la Sobo ngati wina wabwera naye kuchokera kumudzi, madzi oundana awiri, chitenje choyala pansi. Ulendo wachiwiri apongozi anga aja ndinawatengera malo amodzi okha, kenako pa kapinga pansi pa Mandela, anadya, anagona ola lathunthu nsapato zonse ziwiri atavula, podzuka anafunsa ngati mpunga watsalako.